Mfuti ya Gwendolen ku Mangochi

Pafupi ndi nsanja ya wotchi m'tauni ya Mangochi pali mfuti yaikulu imene anthu ambiri amangoipitirira. Mfutiyi inali m'sitima ya Angerezi yotchedwa Gwendolen, yomwe inkakocheza pa Fort Johnston, dzina lakale la Mangochi.

Nkhondo yoyamba ya dziko lonse itabuka mu Ogasiti 1914, Kaputeni Rhoades analamulidwa kukasaka sitima ya Ajeremani, Hermann von Wissmann. Anaipeza pa Sphinxhaven, pamene lero pamatchedwa Liuli m'dziko la Tanzania, itakokeredwa kumtunda kuti ikonzedwe, ndipo anaiwombera naiwononga. Kaputeni Berndt, bwenzi lake la Rhoades, anabwera pabwato ali wolusa kudzafunsa ngati mnzakeyo waledzera. Uthenga wa nkhondo unali usanamufike, ndipo anagwidwa pomwepo.

Nkhaniyi imaseketsa, koma zotsatira zake zinali zazikulu. Nyanja yonse inakhala m'manja mwa Angerezi, choncho asilikali anayenda pamadzi mosavuta kukafika ku Karonga, kumene anagonjetsa Ajeremani pa 9 Sepitembala 1914. M'zaka zotsatira, katundu wankhondo wotsika m'sitima ankasenzedwa pamutu ndi amuna a m'dziko muno, amtengatenga, ndipo ambiri a iwo anafera m'njira.