Mbiri ya Uta ndi Muvi m'Mapiri a Dedza

M'dziko la Mfumu Kaphuka ndi m'maiko oyandikana nalo muli mapiri ambiri a miyala ndi mapanga. Limodzi mwa mapiriwo ndilo Chongoni. Masiku ano anthu a kumeneko atchuka ndi khasu, pakuti amalima chimanga, nyemba ndi mbatata ya kachewere. Koma kale lomwe, khasu lisanafike, chimene chinkadyetsa anthu m'mapiri amenewa chinali uta ndi muvi.

Eni dziko oyamba anali Akafula, amene ena amawatcha Abatwa. Iwowa sankalima kapena kuweta, koma ankasaka nyama, kufula uchi ndi kukumba mizu. Ndiwo amene anajambula zithunzi zofiira za m'mapanga. Malo okhala ndi zithunzi ku Chongoni alipo 127, ndipo m'chaka cha 2006 bungwe la UNESCO linawawerengera pamodzi ndi chuma cha dziko lonse lapansi. Katswiri wina wa zakale, dzina lake J. Desmond Clark, anakumba m'phanga la Mwana wa Chencherere, napezamo mafupa a nyama ndi timiyala takuthwa, tating'ono ngati chikhadabo. Akatswiri amati tina mwa timiyala totere ankatimangirira ku nsonga za mivi, popeza anthuwo sankasula chitsulo.

Achewa anadza ndi nzeru yosula. Uta wao unali wa mtengo umodzi, wolimba koma wosafulumira kuthyoka. Mmisiri ankaupala kuti pakati pakhale ponenepa, ku nsonga kukhale koonda, ndipo ankaukunga ndi nsinga ya nyama kapena chingwe cha chikopa chopota. Muvi unali wa bango, kutsogolo kwake chitsulo, kumbuyo nthenga zoti uziyenda moongoka. Mivi ankaisunga m'phodo. Mnyamata ankayamba ndi kauta kolasira mbalame, ndipo akakula ankatsagana ndi akulu ku uzimba. Chida chimenechi chinalowa ngakhale m'chipembedzo. Mvula ikagwa, chokhota cha mawanga chimene chimaoneka kumwamba anachitcha utawaleza, ndipo ambiri amakhulupirira kuti dzina lakuti Chauta linachokera ku liu lomweli lakuti uta.

Cha m'ma 1870 Angoni a kwa Maseko, motsogozedwa ndi Chidyaonga, anakhazikika pa phiri la Domwe, kufupi ndi Dedza, nayamba kuthira nkhondo midzi ya Achewa. Apa uta unapezeka wochepa mphamvu. Ngoni ankabisala ku chishango chachikulu cha chikopa cha ng'ombe, mivi nkumathera pomwepo, iye nkumathamangabe kufikira atayandikira ndi nthungo yake yaifupi. Wauta sangamenyane ndi munthu amene wamufika pamphuno. Chifukwa cha ichi anthu ambiri anamanga malinga, ena anathawira m'mapiri ndi m'mapanga, kumene wolasa ali pamwamba amapambana wokwera. Pambuyo pake amalonda a Chiyao anabweretsa mfuti zagogodera, ndipo Angerezi atayamba kulamula dziko lino mu 1891, nkhondo za mivi zinanka zitha.

Kumwera, ku chigwa cha Shire, Amang'anja ankapaka mivi yao ulembe wa mbewu za kombe. John Kirk, sing'anga amene anayenda ndi David Livingstone pa ulendo wa ku Zambezi woyamba mu 1858, anasunga kombe m'thumba limodzi ndi mswachi wake. Atatsuka m'kamwa anamva kuwawa, ndipo anazindikira kuti mtima wake unayamba kugunda pang'onopang'ono. Mu 1885 Thomas Fraser wa ku Edinburgh anafotokozera asing'anga anzake kuti mu kombe muli mankhwala othandiza odwala mtima. Motero nzeru ya alenje a m'dziko muno inakafika m'zipatala za ku Ulaya.

Nakonso ku England uta unali chida chachikulu. Ndi uta wautali Angerezi anagonjetsa Afalansa pa Crécy mu 1346 ndi pa Agincourt mu 1415. Chombo chao chankhondo chotchedwa Mary Rose chinamira mu 1545, ndipo anachivuula mu 1982. M'chombomo munapezeka mauta athunthu 137, otalika kuposa msinkhu wa munthu. Uta umenewu, monganso wa Achewa, unali wa mtengo umodzi, pafupifupi woongoka ukakhala wosakunga. Uta wotere uli ndi chilema chimodzi: muvi ukachoka, umanjenjemera ndi kugwedeza dzanja la wolasa.

Amisiri a masiku ano amachepetsa chilemacho ndi kapangidwe kamene Azungu amakatcha reflex-deflex. Uta wotere umakhota kawiri mbali iliyonse. Kuchokera pogwirira umayamba wapindikira kwa mwini wake, ndipo kufupi ndi nsonga umapindikira kutsogolo, kumene muvi ukupita. Kukhota koyambako kumachititsa kuti uta ukhazikike m'dzanja, usagwedezeke. Kukhota kwachiwiri kumachititsa kuti nsinga ikungike kwambiri, kotero kuti muvi umatuluka ndi liwiro loposa. Poupanga amamata timatabwa topyapyala pamodzi ndi ulusi wa galasi. Okonda kulasa kwachikale amaukonda chifukwa ngwopepuka, sulira kwambiri, sutopetsa mkono, komanso ukakungidwa umaonekabe ngati uta wa makolo. Ulibe choyezera chilichonse: wolasa amadalira diso lake ndi chizolowezi, monga ankachitira mlenje wa ku Chongoni.

Lero nyama zazikulu zinatha m'mapiri a Dedza, ndipo lamulo sililola kusaka m'nkhalango zotetezedwa. Komabe kulasa sikunafe, kunasanduka masewera. Mu 2016 mnyamata wa m'Malawi, Areneo David, anakapikisana pa kulasa ku masewera a Olympic ku Rio de Janeiro, ndipo iye ndiye Mmalawi woyamba kutero.

Chimene chili pafupi kutayika ndiyo nzeru yopangira uta. Nkhalamba zodziwa mtengo woyenera, nyengo yodulira ndi kapotedwe ka nsinga zikunka zichepa. Akulu anati, muvi woyang'anira suchedwa kulowa m'maso. Tsono munthu amene waphunzira kulemba ali ndi ntchito yabwino imene angagwire msanga: akhale pansi ndi agogo a m'mudzi mwake, afunse zonse mwaulemu, alembe m'kope maina a mitengo ndi a mivi. Ngati pa tsindwi la nyumba pali uta wakale, usasanduke nkhuni. Ausunge pouma, kutali ndi chiswe, kuti adzukulu adzaugwire ndi manja ao.