Mipikisano yotsegulira sizoni mu mpira wa Gaelic

Mipikisano yotsegulira sizoni mu mpira wa Gaelic ndi zikho zinayi zomwe matimu a maboma a ku Ireland amalimbirana m'mwezi wa Januwale, ligi ya dziko lonse isanayambe. Chigawo chilichonse mwa zigawo zinayi za chilumbachi chili ndi chikho chake: Dr McKenna Cup ku Ulster, O'Byrne Cup ku Leinster, McGrath Cup ku Munster ndi FBD League ku Connacht. Zikhozi n'zazing'ono poyerekeza ndi chikho cha Sam Maguire chomwe akatswiri a Ireland yense amatenga, komabe kwa zaka zambiri zakhala zikubutsa mkangano wokhudza umoyo wa osewera. Bungwe loyendetsa masewerowa la Gaelic Athletic Association, mwachidule GAA, linaimitsa mipikisanoyi m'chaka cha 2025, kenaka linaibwezeretsa mu 2026.

Masewero ake ndi osewera ake

Mpira wa Gaelic umaseweredwa ndi anthu 15 mbali iliyonse, ndipo wosewera amaloledwa kugwira mpira ndi manja komanso kuumenya ndi mwendo. Mpira ukalowa m'golo, timu imapeza mapointi atatu. Ukadutsa pamwamba pa mtanda pakati pa mizati iwiri italiitali, imapeza pointi imodzi, kapena awiri ngati waumenyera patali malinga ndi malamulo omwe anayamba mu 2025. Bungwe la GAA linakhazikitsidwa pa 1 Novembala 1884 m'tauni ya Thurles, ndipo likulu lake lili pa bwalo la Croke Park mumzinda wa Dublin.

Gwero la mkangano wonse ndi loti osewera salandira malipiro. Amapatsidwa ndalama zoyendera ndi kathandizo kochokera ku boma la Ireland, koma pamoyo wa tsiku ndi tsiku amadalira ntchito zawo: ena ndi aphunzitsi, ena alimi, apolisi, ogwira ntchito m'mabanki kapena ophunzira a m'mayunivesite. Wosewera aliyense ali ndi kalabu ya kwawo, ndipo akamachita bwino amatengedwa ku timu ya boma lake popanda kusiya kalabuyo. Ngati ali pasukulu, amaseweranso timu ya yunivesite. Motero munthu mmodzi amakhala ndi makochi awiri kapena atatu, aliyense akumufuna pa nthawi yake.

Mbiri ya zikhozi

Chakale kwambiri ndi Dr McKenna Cup, chomwe chinayamba mu 1927 ndipo chinatenga dzina la Patrick McKenna, bishopu wa Katolika wa dayosizi ya Clogher yemwe anapereka chikhocho. O'Byrne Cup inayamba mu 1954 pokumbukira Matt Byrne wa ku Wicklow. McGrath Cup inabwera mu 1981, pomwe ligi ya ku Connacht inayamba mu 1995 ndipo imadziwika ndi dzina la kampani ya inshuwalansi ya FBD yomwe inkaithandiza. Masewero a hurling, omwe amayendetsedwanso ndi GAA, ali ndi zikho zawo za mtundu womwewu monga Walsh Cup ndi Kehoe Cup, ndipo zigamulo zokhudza za mpira zimakhudzanso zimenezi.

Kwa zaka zingapo matimu a mayunivesite ankaloledwa kulowa nawo. Ku Ulster, mwachitsanzo, Queen's University Belfast ndi St Mary's University College ankakumana ndi matimu a maboma, zomwe zinkabweretsa funso lovuta loti mnyamata yemwe ali m'matimu onse awiri avale yunifomu ya ndani. Mu 2021 zikhozi sizinaseweredwe chifukwa cha mliri wa Covid-19. Kuyambira mu 2022, masewero a FBD League ankachitikira m'bwalo lofoleredwa la Connacht GAA Air Dome ku Bekan m'boma la Mayo, mpaka pamene namondwe Éowyn anaphwasula denga lake mu Januwale 2025.

Zifukwa za ofuna kuzithetsa

Omwe akhala patsogolo pofuna kuti zikhozi zithe ndi bungwe la osewera la Gaelic Players Association, mwachidule GPA, lomwe linakhazikitsidwa mu 1999. Dandaulo lawo silili kwenikweni pa masewero awiri kapena atatu omwe timu imasewera mu Januwale ayi, koma pa zomwe masewerowo amachita ku miyezi ya m'mbuyo mwake. Timu yomwe ili ndi masewero sabata yoyamba ya Januwale imafunika masabata angapo okonzekera, ndiye kuti imayamba zokonzekera mu Novembala kapena kumayambiriro kwa Disembala. Imeneyi ndi nthawi yokhayo yomwe wosewera akanapumula, kuchiritsa minofu yovulala, kuchitidwa opaleshoni ngati ikufunika, kapena kungokhala ndi banja lake pa Khirisimasi.

Mu 2018 bungwe lofufuza za chuma ndi chikhalidwe la Economic and Social Research Institute linatulutsa lipoti lonena za osewera a matimu a maboma m'chaka cha 2016. Linapeza kuti pa nthawi ya mipikisano ikuluikulu wosewera ankatha maola ofika 31 pa sabata pa zamasewero, kuphatikizapo maulendo ndi zokonzekera, pamwamba pa ntchito kapena sukulu yake. Osewera 40 mwa 100 alionse sanapumeko n'komwe chaka chimenecho. Nthawi yomwe ankaidula kuti zonse zitheke inali ya tulo ndi ya achibale. Lipotilo linasonyezanso kuti katundu wolemera kwambiri ali pa anyamata a zaka 18 mpaka 21, omwe ambiri a iwo ankasewera m'matimu angapo nthawi imodzi.

Januwale yemweyo ndi mwezi wothinana. Chikho cha mayunivesite cha Sigerson Cup chimaseweredwa mu Januwale ndi Febuluwale, nthawi zambiri pakati pa sabata. Ndime yotsiriza ya chikho cha makalabu cha Ireland yense, yomwe kale inkachitika pa 17 Malichi, inasamutsidwira mu Januwale kuyambira 2020. Wophunzira angathe kusewerera yunivesite Lachitatu usiku, boma lake Loweruka, n'kubwereranso ku yunivesite Lachiwiri. Zonsezi zimachitika m'nyengo yozizira, dzuwa likulowa isanakwane 5 koloko madzulo, pa mabwalo a matope kapena ouma gwaa ndi chisanu.

Kusintha kwa kalendala kunawonjezera mphamvu ku dandauloli. Kuyambira 2022, GAA inagawa chaka pawiri: matimu a maboma amasewera kuyambira Januwale mpaka Julayi, ndipo miyezi yotsalayo ndi ya makalabu. Ligi ili ndi magawo anayi a matimu asanu ndi atatu, ndipo timu iliyonse imasewera masewero asanu ndi awiri. Ikangotha, mipikisano ya m'zigawo imayamba. Mu 2023 anawonjezera ndime ya m'magulu mu chikho cha Sam Maguire, pomwe matimu 16 ankasewera masewero ena atatu aliyense. Masewero anachuluka pomwe nthawi inachepa. Wosewera yemwe kalabu yake yapita patali amamaliza mu Novembala kapena Disembala, anzake a timu ya boma atayamba kale kuthamanga.

Chizindikiro choti zinthu zafika pothina chinaoneka mu O'Byrne Cup ya 2023, pomwe matimu angapo anakana kusewera masewero awo. Louth sinapite kukakumana ndi Wexford, ndipo Offaly, yomwe kochi wake anali Liam Kearns, inatuluka mu ndime ya matimu anayi ponena kuti ilibe osewera okwanira chifukwa cha kuvulala, matenda ndi Sigerson Cup. Louth inalowa m'ndime yotsiriza osatuluka thukuta, ndipo kumeneko inagonja kwa Longford.

Zifukwa za ofuna kuzisunga

Makhonsolo a zigawo ndi omwe amayendetsa zikhozi, ndipo ndalama za pachipata zimapita kwa iwo. Ku Leinster ndalamazo zakhala zikulowa m'thumba lothandizira osewera, makochi ndi mabanja omwe agwa m'mavuto. Ku Ulster, komwe Dr McKenna Cup imakoka anthu zikwizikwi ngakhale kuzizire chotani, khonsolo ya chigawochi ndi yomwe yateteza chikho chake mwamphamvu kuposa ena onse.

Makochi ambiri amazikondanso chifukwa ndi mpata woyesera anyamata atsopano pamaso pa anthu, pa masewero omwe kugonja kwake sikutsitsa timu m'ligi. Mickey Harte, yemwe anatsogolera Tyrone kwa zaka zambiri, ankatenga Dr McKenna Cup ngati chikho chenicheni ndipo anachipambana kambirimbiri, kenaka anadzachitenganso ndi Derry mu 2024. Kwa maboma ang'onoang'ono, chikho cha mu Januwale ndi chimodzi mwa zochepa zomwe angafikire. Longford, lomwe ndi limodzi mwa maboma a anthu ochepa kwambiri ku Ireland, linatenga O'Byrne Cup mu 2020, 2023 ndi 2024, ndipo m'chaka chomalizachi linagonjetsa Dublin m'ndime yotsiriza.

GAA yakhalanso ikuyesera malamulo atsopano pa zikhozi. Mu 2019 lamulo loletsa kupatsirana mpira ndi dzanja koposa katatu motsatizana linayesedwa m'masewerowa, ndipo litaoneka kuti likusokoneza, linachotsedwa ligi isanayambe.

Mfundo yovuta kuitsutsa ya mbali imeneyi ndi yoti kuchotsa zikho sikuchotsa masewero. Kochi yemwe ligi ikumudikira kumapeto kwa Januwale amakonza masewero opimana mphamvu ndi maboma ena, nthawi zina kutali, zipata zitatsekedwa. Thupi la wosewera limatopa chimodzimodzi, kungoti palibe woonerera ndipo palibe ndalama yolowa. Malamulo oletsa matimu kukonzekera pamodzi tsiku loikika lisanakwane alipo kuyambira chakumapeto kwa zaka za m'ma 2000, koma madandaulo oti matimu ena amawazemba sanathe, ndipo wosewera yemwe akufuna malo m'timu sanganenere kochi wake. Ichi n'chifukwa chake GPA imagwirizanitsa nkhani ya zikhozi ndi pempho loti wosewera aliyense akhale ndi masabata opumula otetezedwa ndi lamulo.

Kuimitsidwa ndi kubwereranso

Mu Seputembala 2024, komiti yaikulu ya GAA yotchedwa Ard Chomhairle inavomereza kuti zikhozi ziimitsidwe kwa chaka chimodzi pofuna kuona zotsatira zake. Panthawiyi pulezidenti wa GAA anali Jarlath Burns wa ku Armagh, ndipo GPA inkatsogoleredwa ndi Tom Parsons, yemwe kale ankasewerera Mayo. Tsiku loyambira zokonzekera za matimu linakankhidwira mu Disembala.

Chigamulochi chinagwa pa nthawi yovuta. Pa 30 Novembala 2024, msonkhano wapadera wa GAA unavomereza malamulo atsopano ambiri omwe inakonza komiti ya Jim Gavin, kochi wakale wa Dublin, kuphatikizapo la mapointi awiri pa mpira womenyedwa kunja kwa mzere wa mamita 40. Popeza zikho za mu Januwale kunalibe, osewera ndi oyimbira anakumana ndi malamulowa koyamba pa masewero a mpikisano ligi itayamba, pomwe cholakwika chilichonse chinkadya mapointi. Makochi angapo anadandaula poyera kuti ngati panali chaka chofunika zikhozi, chinali chimenechi.

M'chaka cha 2025, komiti yomweyi inavota kuti zikhozi zibwerere mu Januwale 2026, ndipo GPA inanena kuti yakhumudwa ndi chigamulocho. Chaka cha 2026 chomwecho ndi chomwe GAA inasiya ndime ya m'magulu ya chikho cha Sam Maguire, kutsatira chigamulo cha msonkhano wake waukulu wa mu Febuluwale 2025.