Osula ndi Oomba m'Zithunzi za Makedzana

M'buku limene David Livingstone ndi mbale wace Charles analemba za ulendo wao wa pa Zambezi, losindikizidwa ku London m'caka ca 1865, muli zithunzi ziwiri zimene ine sinditopa kuziyang'ana. Cina cionetsa cipala ca wosula pamodzi ndi mvukuto wace wa cikopa ca mbuzi. Cina cionetsa munthu woomba nsaru atakhala pansi, kaliwo wamkuru ali kukamwa. Nchito ziwirizi azungu aja anaziona zitafala pakati pa Amang'anja a ku Shire, amene anali kulima thonje lao, kulipota ndi kuliomba, ndiponso kuyenga citsulo m'ng'anjo.

Ife a kuno kwa Nkomeshya zithunzizi zitikhudza, pakuti Asoli naonso anali kuyenga citsulo ndi kusula makasu ndi nkhwangwa. Ndiponso m'caka ca 1860 ulendo womwewo unapita m'mbali mwa Zambezi, pamene mtsinje wathu wa Chongwe uthira madzi ace.

Ku Ulaya mwambo wojambula amisiri ndi wakale ndithu. M'caka ca 1568 ku Frankfurt kunaturuka buku la zithunzi 114 zozokotedwa pa mtengo ndi Jost Amman, ndipo m'menemo wosula, woomba ndi wosoka nsapato ali yense ndi tsamba lace. Kumeneko amisiri anali ndi mabungwe ao, okhala ndi malamulo olembedwa ndi mabuku a maina.

Kwathu bungwe lotere linalipo, koma linali m'mitima. Ng'anjo anali kuimangira kutali ndi mudzi. Oyenga anali kudika, osayandikira akazi ao kufikira citsulo citaturuka. Mwana anali kuyamba ndi kutola makala ndi kupopa mvukuto zaka zambiri asanagwire nyundo. Izi zonse cithunzi sicinena. Wozokota wa ku London uja sanamvepo fungo la cipala. Iye anangotsata zimene anapatsidwa. Ndipo cimene cindiwawa, ine amene ndinazolowera kulemba maina a anthu m'mabuku a boma, ndi cakuti dzina la wosula uja palibe, ngakhale la mfumu yace.

Komabe sindinyoza. Makasu a m'sitolo atabwera, ng'anjo zinazima, ndipo nsaru za ku Manchester zinathetsa kuomba. Tsiku lina ndinaonetsa cithunzi ca cipala kwa nkhalamba ina ya kwathu. Anaciyang'ana nthawi yaitali, naloza mvukuto ndi cala, nati atate ao sanali kugwira comweco.