Kuphunzitsa Masamu a Kusalingana Kudzera m'Ntchito Zenizeni

Kusalingana ndi gawo la aljebura lofotokoza kuti nambala ina ndi yaikulu kapena yaing'ono poyerekeza ndi inzake. Zizindikiro zake, > ndi <, zinasindikizidwa koyamba mu 1631 m'buku la Thomas Harriot wa ku England, mwiniwakeyo atamwalira kale. Aphunzitsi otsata njira ya ntchito zenizeni amayambira pa malire, chifukwa ndalama, malo ndi nthawi zimakhala ndi polekezera. Ophunzira akauzidwa kuti agulire kalasi makope a K1,500 limodzi ali ndi K60,000, amalemba 1,500x ≤ 60,000, pomwe x ndi chiwerengero cha makope. Amadzionera okha kuti yankho si 40 yekha ayi, koma nambala yathunthu iliyonse kuyambira 0 mpaka 40, mfundo imene ambiri oloweza malamulo amaiphonya.

Otsutsa amati njirayi imadya nthawi, komanso lamulo lotembenuza chizindikiro pochulukitsa ndi nambala yochepera ziro silioneka pamsika. Za nthawizo n'zoona ndithu. Koma lamulolo ngongole imalionetsa poyera: 5 amaposa 2, komabe amene ali ndi ngongole ya K5,000 ali pansi pa mnzake wa ngongole ya K2,000, ndiye chifukwa chake −5 < −2.