Kusamala ndi kukonza misewu ya phula m'mizinda ya kum'mwera kwa Africa

Chaka ndi chaka, mvula ikagwa kwa miyezi iwiri kapena itatu, misewu ya m'mizinda monga Lusaka, Blantyre, Harare, Tete ndi Johannesburg imadzaza ndi maenje. Anthu ambiri amaloza chala mvulayo, koma akatswiri omanga misewu amati dzenje ndi mathero chabe a kuonongeka kumene kumakhala kutayamba zaka zingapo m'mbuyomo. Makhonsolo a mizinda ndi eni malo a malonda amene amadikira kuti dzenje lioneke ndiwo amalipira ndalama zambiri.

Mmene msewu wa phula umamangidwira

Phula, limene ena amalitcha tala, ndi chinthu chakuda ndi chomata chimene chimatsalira pamene mafuta okumbidwa pansi akuyengedwa. Ntchito zake ndi ziwiri: kumata miyala pamodzi ndi kutchinga madzi.

Pali njira ziwiri zikuluzikulu zoikira phula. Yoyamba ndi yosakaniza miyala yophwanyidwa, mchenga ndi phula zitatenthedwa kufika madigiri oposa 150, kenaka n'kuziyala ndi kuzitsendera ndi makina. Chosakanizachi ndicho chimatchedwa asphalt, ndipo phula limangotenga magawo pafupifupi 5 pa 100 alionse a kulemera kwake. Njira yachiwiri ndi yopopera phula pansi n'kuwaza timiyala pamwamba pake. Iyi ndi yotsika mtengo ndipo ndi yofala m'chigawo chino. Mwa mitundu yake muli Cape seal, yochokera ku South Africa, ndi Otta seal, imene idayambira ku Norway m'zaka za m'ma 1960 ndipo idagwiritsidwa ntchito kwambiri ku Botswana.

M'njira zonse ziwiri, phula la pamwamba limakhala lopyapyala, kawirikawiri losapitirira mamilimita 50. Chimene chimanyamula galimoto ndi miyala ndi dothi lotsenderedwa zimene zili pansi pake. Mazikowa amakhala olimba akakhala ouma. Akanyowa amafewa, ndipo phula la pamwamba limatsala lopanda chotsamira.

Zimene zimaononga phula

Mdani woyamba ndi dzuwa pamodzi ndi mpweya. Pakapita zaka, phula limauma, limatuwa, limasiya kupindika ndipo limayamba kung'aluka.

Wachiwiri, amenenso ndi wamkulu, ndi madzi. Amalowera m'ming'alu, m'mphepete mwa msewu, kapena kuchokera m'ngalande zotsekeka ndi zinyalala ndi mchenga. Tayala likaponda pamng'alu wodzaza madzi, limafinya madziwo ndipo amatuluka atanyamula dothi la m'maziko. Pansi pamatsala mphako, phula limagumukira m'kati, dzenje n'kubadwa. Akuluakulu adati madzi saiwala khwawa: malo amene ngalande yake siidakonzedwe amakumbikanso ngakhale atakwiriridwa kangati.

Wachitatu ndi katundu wolemera mopyola muyeso. Kafukufuku wa AASHO Road Test, amene adachitika ku Ottawa m'chigawo cha Illinois ku America kuyambira 1958 mpaka 1960, adaonetsa kuti kulemera kumene matayala a pa ekiselo imodzi akusenza kukawirikizidwa kawiri, kuonongeka kwa msewu kumawirikizika pafupifupi ka 16. N'chifukwa chake lole imodzi yodzaza kwambiri imaononga kuposa magalimoto ang'onoang'ono zikwi zambiri, ndipo maiko amaika masikelo oyezera malole m'misewu ikuluikulu ndi m'zipata za m'malire.

Wachinayi ndi dizilo, petulo ndi oyilo. Popeza phula lidachokera ku mafuta omwewo, limasungunuka akamalidonthera. M'mizinda mulinso vuto lina: mipopi ya madzi yophulika ndi ngalande zimene amakumba odutsitsa mapaipi ndi nthambo, zimene nthawi zambiri zimakwiriridwa mosatsendera bwino.

Kuwerenga zizindikiro

Msewu umachenjeza usadaonongeke. Kutuwa kwa phula ndi kusomphoka kwa timiyala kumasonyeza kuti phula lakalamba, koma maziko akadali bwino. Ming'alu italiitali yotalikirana imasonyeza kuti madzi apeza khomo. Ming'alu yolukana, yooneka ngati khungu la ng'ona, ndi chizindikiro chakuti maziko afooka kale. Mikwasa yolowa pansi mmene mumadutsa matayala imatanthauza kuti katundu waposa mphamvu ya msewu. Chizindikiro chilichonse chili ndi mankhwala ake, ndipo kupaka phula latsopano pamwamba pa maziko ovunda n'chimodzimodzi chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Njira zokonzera, kuyambira yotsika mtengo

Ntchito yotchipa kuposa zonse ndi kufukula ngalande ndi makalavati, kutchetcha udzu wa m'mphepete ndi kusesa mchenga kuti madzi asaime pamsewu. Imafuna mafosholo, mawilibala ndi anthu, osati makina.

Yotsatira ndi kumata ming'alu. Mng'alu umayeretsedwa, n'kuumitsidwa, kenaka n'kuthiridwa phula lotentha kapena losungunulidwa m'madzi. Pamene phula langokalamba, amapopera phula lamadzimadzi lopyapyala kapena kuyala phala la phula ndi mchenga wa miyala. Pakapita zaka pafupifupi 7 mpaka 10, msewu wa timiyala umafunika kupoperedwanso phula ndi kuwazidwa timiyala tatsopano, ngakhale ukuoneka ngati ukadali wabwino.

Dzenje likaoneka, kukonza koyenera kuli ndi ndondomeko yake, ndipo bungwe la kafukufuku la CSIR la ku South Africa lidatulutsa malangizo a ntchitoyi mu 2010. Okonza amalemba malire kufika pamene phula lili lolimba, amadula m'mbali mowongoka ndi kuchotsa zonse zofewa mpaka atapeza maziko olimba. Akaumitsa ndi kusesa, amapaka phula lomatira pansi ndi m'mbali, amathira asphalt pang'onopang'ono uku akutsendera, ndipo pomaliza amamata m'mphepete mwa chigambacho. Asphalt wozizira wa m'matumba amathandiza nthawi ya dzinja, koma akangokhuthulidwa m'dzenje la madzi osatsenderedwa, sakhalitsa. Kukwirira ndi dothi kapena zidutswa za njerwa, monga amachitira achinyamata ena m'misewu ya m'mizinda, kumangopepukitsa vuto kwa masiku ochepa.

Maziko akaonongeka pamalo aakulu, chotsala ndi kugumula msewu, kusakaniza zogumulazo ndi simenti, laimu kapena phula, n'kumanganso. Iyi ndiyo ntchito yodula kuposa zonse.

Malo a malonda, misika ndi madepoti

Pamalo oimikapo magalimoto a ogula, phula limakalamba msanga ndi dzuwa, choncho chofunika kwambiri ndi kumata ming'alu ndi kuonetsetsa kuti pamalopo mpotsetsereka pang'ono kulowera kungalande. Madzi a padenga la sitolo asamagwere paphula. Koma pamene malole amatsitsira katundu, pamene mabasi amaima ndi kukhota, ndi pamene amathirira mafuta, phula silipirira. Pamenepo konkire kapena njerwa za simenti zolumikizana ndizo zoyenera, ndipo njerwazi zili ndi ubwino wakuti zingazulidwe ndi kubwezeredwa mpopi wa pansi ukaphulika.

Nkhani ya ndalama

Mu 1988, Banki Yaikulu ya Dziko Lonse idalengeza kuti maiko 85 ongotukuka kumene adataya misewu ya ndalama zokwana madola 45 biliyoni a ku America m'zaka 20, pamene kuisamala kukadafuna ndalama zosafika madola 12 biliyoni. Zimenezi zidalimbikitsa maiko kukhazikitsa thumba lapadera la misewu, lotolera ndalama kwa ogwiritsa ntchito misewuyo kudzera pamtengo wa mafuta, ziphaso za galimoto ndi zipata zolipiritsa. South Africa idakhazikitsa SANRAL mu 1998, Mozambique idakhazikitsa ANE mu 1999, Zimbabwe idakhazikitsa ZINARA potsatira lamulo la 2001, Zambia idapanga Road Development Agency ndi National Road Fund Agency mwa malamulo a 2002, ndipo Malawi idapanga Roads Authority ndi Roads Fund Administration mwa malamulo a 2006.

Ngakhale zili choncho, misewu yambiri ya m'kati mwa mizinda ili m'manja mwa makhonsolo, amene ndalama zawo zimalimbiranidwa ndi ntchito za zinyalala, misika ndi magetsi a m'misewu. Kusamala kukazengerezedwa, chimatsatira ndi ntchito ya mwadzidzidzi. Mu Febuluwale 2021, boma la Zimbabwe lidalengeza kuti misewu ya dzikolo yafika pa mlingo wa ngozi yogwera dziko. Chaka chomwecho, mzinda wa Johannesburg udagwirizana ndi makampani a inshuwalansi a Discovery Insure ndi Dialdirect kuyambitsa ntchito yokwirira maenje yotchedwa Pothole Patrol, ndipo mu 2022 boma la South Africa lidayambitsa Operation Vala Zonke.

Ntchito zotere zimathandiza, koma zimabwera nyumba itapsa kale. M'maiko ambiri a chigawo chino mvula imayamba mu Novembala, choncho nthawi yoyendera msewu, kufukula ngalande ndi kumata ming'alu ndi ya chilimwe, kuyambira Ogasiti mpaka Okutobala. Khonsolo kapena mwini sitolo amene waphonya miyezi itatu imeneyi amadzalipira mu Febuluwale, pamodzi ndi oyendetsa galimoto amene matayala awo aphulikira m'maenjewo.