Nyimbo Yakale Imakhala M'kagwiridwe

Mu 1958 nyimbo ya Tom Hark, yoimbidwa ndi anyamata a zitoliro a ku Johannesburg, inafika pa nambala 2 pa nyimbo zogulidwa kwambiri ku Britain. Chimenechi chinali chamba cha kwela, chobadwira m'misewu ya ku Joni, ndipo katswiri wake wodziwika anali Spokes Mashiyane. Sipanapite zaka zambiri, makampani ojambula nyimbo anatembenukira ku saxophone ndi magitala amagetsi, kachitoliro kachitsulo kaja n'kuponyedwa pakona. Kwawo kwela inayamba kuiwalika, koma anyamata awiri a ku Chileka anaigwiritsa.

Daniel ndi Donald Kachamba, a m'mudzi wa Singano, anakhalako ku Salisbury, komwe lero timati Harare, ali ana. Kumeneko ndi kumene khutu lawo linakhwimira. Mu 1967 Gerhard Kubik, wofufuza za nyimbo wochokera ku Vienna, anawapeza akuimba mu Blantyre: Daniel pa gitala, mng'ono wake Donald pa chitoliro, anzawo pa maseche ndi babatoni wa chingwe chimodzi. Pofika 1974 buku la Kubik lofotokoza za bandiyi linali litatuluka m'Chingerezi.

Chimene chimandikoka ine pa mbiriyi ndi kagwiridwe ka chitolirocho. Woimba kwela sachiika pamilomo mowongoka ngati mwana wasukulu ayi. Amachilowetsa m'kamwa mopendeketsa, chakutsaya, ndiye mawu amatuluka onenepa, otha kupindika ngati munthu akudandaula. Mutagula chitoliro chomwecho lero n'kuchiomba mowongoka, manotsi mungawapeze onse, koma kwela simungaipeze.

Izi n'zimene ankalimbana nazonso Sigiswald Kuijken wa ku Belgium, woimba vayolini wobadwa mu 1944. Iye anaona kuti nyimbo za Bach, yemwe anamwalira mu 1750, zikuimbidwa pa mavayolini osinthidwa kale, a nsambo zachitsulo. Anabwerera ku nsambo zamatumbo a nkhosa, nasiya kupanikiza vayolini ndi chibwano, ndipo mu 1972 anayambitsa gulu la La Petite Bande lomwe analitsogolera kwa zaka zambirimbiri. Kuijken anachita kufufuza m'mabuku ndi m'zithunzi zakale kuti adziwe mmene akale ankagwirira. Donald sanafunike kufufuza, zinali kale m'kamwa mwake. Ntchito yake inali yoti zisathere pa iye yekha.

Ndipo anaigwiradi. Anayenda ndi Kubik m'maiko ambiri a mu Africa, ku Ulaya ndi ku America, akuimba komanso kufotokoza. Daniel atamwalira mu 1987, Donald anapitiriza kutsogolera bandi, osathamangira kiyibodi ngakhale inali itayamba kulanda malo m'nyimbo za ku Malawi. Mu 1999 anakaphunzitsa pa yunivesite ya UCLA ku Los Angeles, ophunzira ake n'kujambula naye chimbale. Anamwalira mu Januwale 2001, koma gulu la Donald Kachamba's Kwela Heritage Jazz Band silinafere pomwepo. Sinosi Mlendo, Moya Malamusi ndi Kubik yemwe anapitiriza kuimba, chifukwa panali anthu omwe anakhala naye pansi n'kuphunzira ndi maso.

Kwathu kuno ku Dambe, pa tsiku la msika, masipika amalira amapiano ochokera ku Joni komweko kumene kunachokera kwela. Sindikudana nazo, inenso ndimavina. Koma tadzifunsani: pa anzanu onse a pa WhatsApp, ndi angati angakunge kaligo, vayolini wathu wa nsambo imodzi uja? Nanga kuchuna bangwe? Timati tikajambula agogo pa foni ndiye kuti tasunga chikhalidwe, eti? Hugh Tracey anajambula nyimbo zambiri m'dziko muno m'zaka za m'ma 1950, ndipo zikusungidwa bwinobwino ku Rhodes University ku South Africa. Mawu alipo ndithu, koma tepi siingakukonze chala ukachiika polakwika.

Ngati m'mudzi mwanu mukadali mkulu wodziwa chida chakale, jambulani, palibe vuto. Mukatha ikani foniyo m'thumba, muwapemphe akupatseni chidacho, akuonetseni pogwira.