Tchuthi cha Mwezi wa Meyi kwa Lukwa: Kale ndi Lero

Mwezi wa Meyi uli ndi masiku awiri a tchuthi m'dziko lathu lino la Malaŵi: pa 1 Meyi, tsiku la anthu apantchito, ndi pa 14 Meyi, tsiku lokumbukira Dr H. Kamuzu Banda. Tsiku lotere likagwa Lachisanu kapena Lolemba, banja limapata masiku atatu otsatana. Likagwa Loweruka kapena Lamulungu, boma limapereka Lolemba lotsatira. Kwa munthu wa mu ofesi nkhaniyi ndi yosavuta: atseka chitseko, napita kwawo. Koma kwa mlimi wa kwa Lukwa, m'chigwa cha fodya cha Kasungu, munda ulibe chitseko. Tsono tiyeni tibwerere m'mbuyo pang'ono, tione mmene mpumulo wa nyengo ino udakhalira kale, mmene udatayikira, ndi zimene mabanja athu achikhristu angachite kuti aupezenso.

Makolo athu sankawerenga masabata. Iwo ankawerenga mwezi ndi nyengo: dzinja, masika, chisanu ndi chilimwe. Mpumulo wawo unkafika ndi masika, mvula itakata, udzu utayamba kufiira, kamphepo kozizira katayamba kuomba m'mawa. Ntchito inalipo ndithu, pakuti chimanga chinkafunika kudula ndi kusanja m'mikukwe, mtedza kukumba, nkhokwe kukonza. Koma inali ntchito ya munthu wokhuta. Mimba inali ndi maungu, mbatata ndi mtedza, ndipo dzuwa likapendeka anthu ankakhala ndi mpata wochita zimene mtima ukonda.

Amuna ankakhala pamthunzi, wina akung'amba bango la mphasa, wina akuluka lichero, wina akusema mpini, ena awiri atawerama pa bawo. Amayi ankafutsa nkhwani ndi khwanya kuti ndiwo zisadzasowe m'chilimwe, ndipo amene anali ndi luso ankaumba miphika ndi mitsuko. Ana ankamanga tinyumba ta mapesi ndi kuchita masanje, kumene mtsikana ankaphunzira kuphika nsima yosapanga mabulu, mnyamata naphunzira kubwera ndi mbewa m'manja. Usiku kunali nthano ndi ndagi pamoto, ndipo mwezi ukawala kunali chimtali ndi chitelera pabwalo. Zonsezi sizinali zongotayira nthawi ayi. Zinali sukulu ya mudzi, mmene mwana ankalandira luso, chinenero ndi mwambo kuchokera m'manja mwa akulu.

Sabata la masiku asanu ndi awiri lidabwera ndi amishoni ndi olemba ntchito. Maina a masikuwo akuchitira umboni: Lolemba ndi tsiku limene anthu ankalembedwa ntchito, Loweruka ndi limene ankaweruka, ndipo Lamulungu ndi la mwini moyo. Ansembe a chipani cha White Fathers adakhazikika ku Chiwamba ndi ku Mua mu 1902, kenaka ku Likuni ndi ku Kachebere mu 1903, ndipo Dr George Prentice wa mishoni ya Livingstonia adali atayamba kale ntchito ku Kasungu mu 1900. Belu la tchalitchi lidaphunzitsa mudzi chinthu chatsopano, chakuti munthu angathe kugoneka khasu ngakhale pakati pa dzinja, chifukwa cha Mulungu.

Koma m'zaka zomwezo mudabweranso msonkho wa nyumba, umene udatulutsa amuna m'midzi. Ambiri a ku Kasungu adayenda ulendo wapansi kunka ku Salisbury ndi ku migodi ya ku Johannesburg, ndipo Kamuzu yemwe ali mnyamata adatsata njira yomweyo. Obwerako ankafika ndi njinga, magalamafoni ndi makina osokera, koma malo awo pamoto ankakhala opanda munthu zaka zambiri. Uku kudali kung'ambika koyamba kwa madzulo a banja.

Kung'ambika kwachiwiri kudadza ndi fodya. M'zaka za m'ma 1970 boma lidalimbikitsa minda ikuluikulu, ndipo m'boma la Kasungu mudakula maesiteti a Press Farming ndi General Farming, pamodzi ndi alimi a pansi pa bungwe la Kasungu Flue-Cured Tobacco Authority. Mu 1974, ndege yonyamula anthu ochokera ku migodi itagwa ku Francistown ndi kupha Amalaŵi oposa 70, Kamuzu adaletsa bungwe la WENELA kulemba anthu kuno, ndipo manja ambiri adatembenukira ku maesiteti. Mabanja ochokera ku Thyolo, ku Mulanje ndi kwina adafika ngati matenanti, kudzalima pa nthaka ya eni ake, kumalandira chakudya pangongole ndi kudikira malipiro mpaka fodya atagulitsidwa. Lamulo linkaletsa mlimi wamba kulima fodya wa bale pamunda pake, mpaka mu 1990 pamene adayamba kuloledwa. Kuyambira pamenepo chigafa chidaimikidwa pafupifupi pakhomo lililonse.

Mlimi aliyense adziwa kuti fodya sapatsa munthu mpata. Nazale imayamba mvula isanagwe, kuwokera kumatsata, kenaka kuthyola, kusoka ndi kupachika m'chigafa. Pofika mu Meyi, nyengo ija imene makolo ankapumula, banja lonse lili pansi kusankha masamba, kudinda mabelo ndi kuyang'ana kumsewu ngati galimoto yopita ku okushoni ya ku Chinkhoma kapena ku Kanengo ifika. Malo a nthano adatengedwa ndi nyali ya m'chigafa. Manja a ana amene ankaumba ng'ombe za dothi adayamba kununkha fodya.

Nanga tchuthi cha boma? M'nthawi ya chipani chimodzi, 14 Meyi linali tsiku lalikulu, makamaka kuno kwawo kwa Kamuzu, kumene adamangako sukulu ya Kamuzu Academy ku Mtunthama mu 1981. Kunali magule, maperete ndi nsalu za mbumba. Ambiri amakumbukira masiku amenewo ndi chimwemwe, ndipo sitingawatsutse. Komabe tiyenera kunena zoona: kupita ku zochitikazo sikunali kwa kufuna kwa munthu nthawi zonse, ndipo amayi ankasiya mabanja masiku angapo chifukwa chokonzekera magule. Kalata ya Aepiskopi athu imene idawerengedwa m'matchalitchi pa 8 Malichi 1992 idatsekula njira ya riferendamu ya pa 14 Juni 1993 ndi chisankho cha pa 17 Meyi 1994. Boma latsopano lidachotsa tsiku la Kamuzu pa mndandanda wa matchuthi, ndipo lidabwezeretsedwa m'nthawi ya Bingu wa Mutharika. Lero palibe amene amatikakamiza kukavina. Tsikuli lili m'manja mwathu, ndipo mlandu wa mmene tiligwiritsira ntchito ndi wathunso.

Mpingo sudakhale chete pa nkhani ya mpumulo. Lamulo lachitatu la Mulungu, monga lalembedwa m'buku la Deuteronomo mutu 5, silipumitsa mwini nyumba yekha, koma ana ake, antchito ake, mlendo, ngakhale ng'ombe yomwe. Papa Leo XIII, m'kalata yake ya pa 15 Meyi 1891 yonena za anthu apantchito, adaphunzitsa kuti wantchito ali ndi ufulu wopumula ndiponso kuti ana asasenzetsedwe ntchito yoposa msinkhu wawo. Papa Pius XII mu 1955 adaika chaka cha Yosefe Woyera, Mmisiri, pa 1 Meyi. Mu 2021 Nyumba ya Malamulo idathetsa mchitidwe wa utenanti. Koma lamulo la papepala silifika lokha m'chigafa. Mkhristu amene amafika pa Misa atavala bwino, pamene waganyu wake wamsiya akudinda mabelo, ndiye kuti wasunga theka la lamulo basi.

Pali vuto linanso limene tonse tilidziwa. Meyi ndi mwezi umene ndalama ya fodya imayamba kulowa. Abambo ena amayesa tchuthi ndi chilolezo chokatha masiku atatu pa malo omwera, ndi kubwerera Lachiwiri matumba ali pululu, pamene amayi ndi ana amene adagwira ntchitoyo chaka chonse sadaone ngakhale nsalu. Kumeneko si kupumula. Ndi kuba thukuta la banja.

Sitikunena kuti tibwerere ku masiku a makolo. Wailesi, mpira ndi foni zafika, ndipo zili ndi ubwino wake. Chimene tikupempha ndi chaching'ono. Pa masiku atatu a tchuthi, banja lipatule tsiku limodzi lathunthu lopanda fodya, kwa onse, pamodzi ndi aganyu. Bambo atenge bango ndi kumuonetsa mwana wake kasokedwe ka mphasa, pakuti luso limene silidutsa m'manja limafa ndi mwini wake. Akonze khola la nkhunda pamodzi, aseweretse bawo mpaka wamng'ono adziwe kutakata. Mayi aphike futali, ndipo atsikana aloledwe kukasewera fulaye ndi phada osaitanidwa kawirikawiri. Agogo afunsidwe nthano akadali moyo. Mabanja a mu mphakati, umene tidaulandira kuchokera ku msonkhano wa dayosizi ya Lilongwe umene Ambuye Patrick Kalilombe adautsogolera kuyambira mu 1973, ayenderane, osaiwala wodwala ndi wamasiye. Ndipo popeza Meyi ndi mwezi wa Amayi Maria, tsikulo lithe ndi Kolona pakhonde, ana akusinthana kutsogolera.

Wina adzati: nanga fodya akachedwa ku msika? Dandaulo limeneli ndi lomveka, pakuti ngongole ya feteleza siyembekeza. Koma belo likhoza kudikira tsiku limodzi, pamene ubwana wa mwana sudikira. Akulu adati m'mera mpoyamba. Ana amene akukula kwa Lukwa lero adzakumbukira chimodzi mwa ziwiri: bambo amene ankangolamula m'chigafa, kapena bambo amene adakhala nawo pamphasa. Yosefe Woyera, amene adalera Ambuye Yezu ndi ntchito ya manja ake nasunga tsiku la Sabata, atipempherere kuti tisankhe bwino.